Kanema wa Anthu Akungocheza: Bwanji Tikamujambule ku Mzimba?

Makamera amakonda kufika ku Mzimba pa zifukwa ziwiri: mwambo kapena vuto. Mu Ogasiti, pa Umthetho, atolankhani amasonkhana m'tsinde mwa phiri la Hora kujambula ingoma, zishango ndi Inkosi ya Makosi M'mbelwa V. Miyezi inayo kamera imabwera pa galimoto ya bungwe kudzajambula mjigo watsopano, ana osiya sukulu kapena mitengo yomwe yatha. Loweruka masana pa Jenda, kapena Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi ku Embangweni, palibe amatulutsa kamera, chifukwa amati palibe chikuchitika. Ine ndikuti pamenepo ndiye pali filimu, kanema woyesa njira zachilendo, ndipo mafunso otsatirawa ndi amene munthu wanzeru zake angafunse akamva zimenezi.

Mukamati kanema woyesa njira zachilendo mukutanthauza chiyani? Akusiyana pati ndi documentary yomwe timaonera pa TV?

Documentary yomwe tinazolowera timaidziwa isanayambe. Pamakhala mawu a munthu wosaoneka akufotokoza, kenako bwana ali kuseri kwa desiki, kenako mayi akuthokoza chifukwa cha thandizo. Uthenga umakhala utalembedwa kale kamera isanatuluke m'chikwama, ndipo zithunzi zimangobwera kudzauikira umboni.

Kanema amene ndikunena pano amajambulanso zenizeni, anthu ake si a zisudzo, koma wojambula amadzipatsa ufulu pa kajambulidwe, pa kalumikizidwe ka zithunzi ndi pa mawu. Akhoza kuimika kamera malo amodzi mphindi khumi osaigwedeza. Akhoza kuonetsa manja okhaokha, nkhope ayi. Akhoza kutenga phokoso la msika wa pa boma nthawi ya masana n'kuliika pa chithunzi cha msika womwewo usiku, mabenchi ali okha. Palibe amakuuzani choti muganize; mumapatsidwa nthawi yoti muone nokha.

Njira zimenezi zili ndi zaka zambiri. Mu 1929 Dziga Vertov anatulutsa Man with a Movie Camera, momwe anasonkhanitsa moyo wa m'mizinda ya Soviet Union, ntchito ndi masewera omwe, popanda wosewera aliyense wotchuka. Chaka chotsatira ku Germany kunatuluka People on Sunday, yoonetsa achinyamata wamba a mu Berlin tsiku lawo lopuma. Mzinda umene uli m'filimuyo unadzaphwasuka pa nkhondo, ndipo lero anthu amaionera pofuna kudziwa m'mene anthu ankakhalira zisanafike zimenezo.

Koma anthu akusewera bawo pakhonde la golosale, pali nkhani yanji pamenepo?

Khalani pamenepo ola limodzi, foni ili m'thumba. Thabwa la bawo lili ndi mabowo 32 m'mizere inayi, nkhomo zake 64. Wosewera amatapa nkhomo ndi dzanja limodzi n'kumazigwetsa imodziimodzi, ndipo kulira kwake pathabwa kumasintha malinga ndi bowo: lopanda kanthu limalira mouma, lodzaza limalira mofewa. Oonerera amakhala atafika kale ndi maso kumene dzanjalo likathere. Wina amakhosomola dala, wina amayang'ana kumbali kuti nkhope isaulule. Amene wadyedwa amaseka mokweza, koma phazi lake likugundagunda pansi.

Tsopano kwezani maso pang'ono. Ndani wakhala pabenchi, ndani waima? Ndani amaloledwa kulangiza mdala, ndipo ndani akalankhula amangomuyang'ana? Mnyamata amene wangofika kumene kuchokera ku Joni, nsapato zake zikuwala, amupatsa malo kapena amusiya aime kaye? Pakati pa kutakata ndi kudya pamadutsa nkhani za mtengo wa feteleza, za maliro a kutsidya kwa dambo, za m'mene rand ikusinthidwira sabata imeneyo. Munthu akakhala pantchito amachita zomwe wauzidwa, ndipo akakhala pamsonkhano wa bungwe amanena zomwe akuganiza kuti alendo akufuna kumva. Pamacheza amachita zomwe wasankha yekha. Wofuna kudziwa anthu a dera ayenera kuwaona pamenepo.

Bawo ndi chitsanzo chimodzi chabe. Pali tebulo la pool pansi pa malata, pomwe anyamata amandandalika makobidi m'mphepete kusonyeza amene akubwera. Pali chiwaya cha tchipisi, pomwe anthu amaima mozungulira ngakhale amene sakugula. Pali anyamata akabaza atagona pa njinga zawo podikira minibasi. Pali vidiyo shoo ya mdima tsiku la mpira wa ku England, pomwe chigoli cha ku London chimagwedeza makoma a njerwa zosawotcha. Mu Juni ndi Julayi, kuzizira kwa ku Mzimba kukafika pachimake, ngakhale kuothera dzuwa kuseri kwa sitolo kumasanduka msonkhano.

Alipo amene anayesapo zotere mu Africa muno?

Alipo, ndipo ntchito zawo ndi sukulu yaulere kwa aliyense wofuna kuyamba.

Wa ku France Jean Rouch anajambula Moi, un noir, yomwe inatuluka mu 1958, ku Treichville mu mzinda wa Abidjan. Anthu ake anali anyamata ochokera ku Niger amene anapita ku Ivory Coast kukasaka maganyu, matchona enieni. Filimuyo inatsata masiku a sabata, koma mtima wake uli pa Loweruka ndi Lamulungu: kukasambira, kukaonera nkhonya, kukavina, kumwa ndalama zitapezeka. Kamera ya Rouch sinkajambula mawu limodzi ndi zithunzi. Ndiye atamaliza anaonetsa zithunzizo kwa Oumarou Ganda, amene anali mwini nkhani, ndipo Ganda ankalankhula uku akuonera: kudandaula, kudzitama, kulota zodzakhala katswiri wa nkhonya. Mawu amenewo ndi amene anakhala mawu a filimu. Kuperewera kwa zida kunabala njira yatsopano. Ganda yemweyo anadzakhala wopanga mafilimu payekha, ndipo Le Wazzou polygame yake inapambana mphoto yaikulu ya FESPACO ku Ouagadougou mu 1972.

Ku Senegal, Djibril Diop Mambéty anayamba ntchito yake kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kafilimu kakafupi, Contras' City, koyendayenda mu Dakar pa ngolo ya hatchi, mawu a anthu awiri akuthirira ndemanga pa zomwe zikuoneka. Ku South Africa, Lionel Rogosin anajambula Come Back, Africa mobisa cholinga chake kwa boma la tsankho, ndipo inatuluka mu 1959. Gawo lomwe anthu amalikumbukira kwambiri si la mumgodi ayi, koma la m'shabini ya ku Sophiatown, momwe alembi Can Themba, Lewis Nkosi ndi Bloke Modisane akukambirana uku akumwa, kenako Miriam Makeba n'kuimba. Sophiatown inali ikugwetsedwa nthawi yomweyo.

Koma imene ndimaiganizira kwambiri ndikamanena za Mzimba ndi La Vie sur Terre ya Abderrahmane Sissako, ya 1998, yojambulidwa ku Sokolo m'dziko la Mali, kwawo kwa bambo ake. Muli amuna atakhala pamipando m'mthunzi wa khoma, akumvera wailesi. Dzuwa likakwera mthunzi umachepa, iwo n'kusuntha mipando kuyandikira khoma. Ukachepanso, asunthanso, mpaka aimirire. Muli lamya ya ku positi ofesi imene anthu amavutika nayo pofuna kulankhula ndi abale akutali. Palibe wofotokoza za umphawi kapena za kutalikirana kwa mabanja, koma woonera amatuluka atazimva m'thupi.

Nanga kuno kwathu kamera yakhala ikugwira ntchito yanji?

Inabwera ngati mphunzitsi. Pakati pa 1935 ndi 1937 panali ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, yomwe inkayendetsa mafilimu ophunzitsa m'maiko a chigawo chino, Nyasaland yomwe. Kuyambira 1948 mpaka 1963 Central African Film Unit inkapangira anthu akuda a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri mafilimu a kalimidwe, kasungidwe ka ndalama ndi kumvera malamulo. Titalandira ufulu, kamera ya boma inatsata kwambiri maulendo a mtsogoleri ndi zitukuko, ndipo lamulo la 1968 lounika zosangalatsa linkasefa zomwe anthu angaone. Wailesi ya kanema inayamba mochedwa, mu 1999. Kenako kunabwera nyengo ya mabungwe, amene ali ndi ndalama zolipira ojambula koma amafuna uthenga wawo umveke.

Sindikupeputsa zomwe zachitika. Shemu Joyah anatipatsa Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise; Joyce Mhango Chavula anapambana mphoto ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe. Amenewa ndi mafilimu a nthano zolembedwa, ndipo ali ndi malo ake. Mbali ya documentary, zomwe zinatchuka kunja, monga I Am Because We Are ya 2008 ndi William and the Windmill ya 2013, zinapangidwa ndi alendo ndipo zimazungulira pa masiye, njala kapena munthu mmodzi wodabwitsa. Chosiyanako ndi chomwe anachita Gerhard Kubik wa ku Austria mu 1967, pomwe anajambula anyamata a Kachamba, Daniel ndi Donald a ku Chileka, akuimba nyimbo zawo. Chifukwa cha kamera imeneyo tikutha kuona lero m'mene achinyamata a nthawi imeneyo ankasangalalira. Zithunzi zotere n'zochepa kwambiri, ndipo zimandiwawa kuti mdzukulu wa ku Edingeni adzapeza mavidiyo ambiri a misonkhano ya ndale kuposa a agogo ake akuseka.

Bwanji Mzimba? Nkhani ya macheza a m'tauni siyenera Blantyre kapena Lilongwe?

Mzimba boma si mzinda, ndipo msewu waukulu wa M1 umaidutsa patali. Koma macheza a kumeneko ali ndi chinthu chomwe simungachione bwino ku Ndirande: theka lake lili ku South Africa.

Ulendo wa ku Joni ndi wakale m'boma limeneli. Agogo anapita kumigodi pa Wenela mpaka boma linaimitsa ulendowo ndege yonyamula ogwira ntchitowo itagwa ku Francistown mu 1974. Ena anapitanso pa TEBA mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. A lero amapita okha, pa basi kapena ndi anthu owatengera. Zotsatira zake zimaoneka pa chilichonse chomwe anthu amasangalalira. Sipika yaikulu yomwe ikulira paukwati, TV ya m'vidiyo shoo, sola ya padenga, jezi ya timu yomwe wavala mwana, zambiri mwa izi zinakwera galimoto kuchokera ku Johannesburg kapena Cape Town. Mu Disembala misika ya Jenda, Embangweni ndi Edingeni imasintha nkhope: magalimoto a manambala akunja atasenza katundu mpaka pamwamba, nyimbo za amapiano, anthu amene sanaonane zaka akugulirana zakumwa. Pofika Febuluwale kumakhala zii. Timu ya mpira ya m'mudzi imasowa goloboyi chifukwa wanyamuka.

Ndikanakhala ndi kamera ziwiri ndikanachita izi: chithunzi chigawidwe pakati. Kumanzere, Lamulungu masana ku Manyamula, mayi ndi ana ali pamkeka akudikira foni ilire. Kumanja, ola lomwelo, bambo wa banjalo m'kachipinda ka lendi ku Joni, akuchapa yunifolomu, anzake akuphika nsima ya pamodzi. Foni ikalira, mbali ziwirizo zikumane pa kagalasi kakang'ono. Ikaduka chifukwa cha netiweki kapena bandulo yatha, kamera isazime. Ikhalebe pankhope zonse ziwiri. Documentary wamba ingafunse mayiyo mavuto omwe akukumana nawo, iye n'kuyankha zomwe aliyense akuzidziwa. Mphindi ziwiri za pambuyo pa foni zimanena zomwe funso silingatulutse.

Zitsanzo zanu zambiri ndi za abambo. Amayi macheza awo ali kuti?

Funso limeneli ndi lomwe lingagwetse kapena kudzutsa filimu yonse. Macheza a abambo ali pamsewu, osavuta kuwapeza, ndipo wojambula waulesi angathere pamenepo n'kumati waonetsa Mzimba. Nthawi yopuma ya amayi nthawi zambiri imabisala m'kati mwa ntchito. Ili pa kulukana tsitsi kuseri kwa nyumba, pa mzere wa kuchigayo, pa kutongola chimanga, pa kwaya ya Umanyano, pa banki m'khonde ndalama zikatha kuwerengedwa koma anthu osabalalika. Ili pa bwalo la mpira wamanja madzulo, ndi pa chindongwa chomwe chimazungulira anthu akapuma kumunda. Wofuna kuijambula ayenera kuvomereza kuti manja adzakhala akugwira kanthu nthawi zonse, ndipo zimenezo zokha ndi nkhani.

Mwamuna wachilendo akaima ndi kamera pamalo otere, macheza amatha pomwepo. Njira yake ndi yopereka foni kwa mmodzi wa iwo, mtsikana kapena mayi wa m'gulu lomwelo, n'kumuphunzitsa zinthu zochepa: kugwira mosagwedeza, kusathamangira kuzima, kusauza anthu kuti achite chakuti. Chimodzimodzi ndi ana pa phada, fulaye ndi magalimoto a mawaya, bola makolo avomereze.

Pakufunika zida zodula bwanji?

Foni yabwinoko ikukwanira. Filimu ya ku America yotchedwa Tangerine, ya 2015, inajambulidwa ndi mafoni a iPhone ndipo inaonetsedwa m'nyumba za kanema. Chomwe simuyenera kuumira ndi mawu. Chithunzi chofooka anthu amachikhululukira, koma mawu odzaza mphepo amawathamangitsa, ndipo ku Mzimba mphepo ya mwera siisowa. Pezani maikolofoni yapadera, muiveke kansalu ka ubweya, ndipo tsiku lina mupite kukajambula mawu okhaokha: mabelu a njinga, chigayo chikulira patali, ng'ombe zikulowa m'khola, mipira ya pool ikugundana. Onjezani choimikapo foni, power bank, mamemori khadi okwanira, ndi kompyuta yolumikizira zithunzi. Chilichonse musunge malo awiri.

Chodula kwenikweni ndi nthawi. Masiku oyamba aliyense amayang'ana kamera, ana amavina patsogolo pake, akulu amakonza kolala. Muyenera kubwerabwera mpaka atatopa nanu.

Filimuyo ikhale m'chilankhulo chanji?

M'chimene anthuwo akulankhula, ndipo ku Mzimba chimenecho ndi Chitumbuka, chosakanikirana ndi mawu a Chingoni m'nyimbo ndi m'malonje, Chichewa cha pamsika, ndi tiziduswa ta Chizulu tobwera ndi a ku Joni. Kusakanikirana kumeneko kusakonzedwe. Musapemphe munthu kuti abwereze m'Chichewa kapena m'Chingelezi zomwe wanena. Nthabwala yobwereza imafa. Mawu omasulira alembedwe m'munsi mwa chithunzi, ndipo ngakhale pamenepo si zonse zofunika kumasulira. Anthu asanu akamalankhula nthawi imodzi pa bawo, woonera wa ku Zomba amve phokosolo m'mene lilili, aone nkhope.

Si kuwaonera anthu ngati zinthu zodabwitsa kumeneku? Ndipo chilolezo chimachokera kwa yani?

Mantha amenewa ndi oona. Ousmane Sembène, tate wa mafilimu a ku Senegal, anamuuza Rouch maso ndi maso mu 1965 kuti iye ndi anzake amayang'ana anthu a mu Africa ngati tizilombo tofufuzidwa. Mmalawi wochokera ku Lilongwe ndi kamera akhoza kuchita zomwezo kwa anthu a ku Khosolo. Khungu lofanana silitchinjiriza.

Ku Mzimba simungolowa m'mudzi n'kuyamba kujambula. Ufumu kumeneko ndi wolimba, kuyambira kwa nyakwawa mpaka kwa makhosi monga Mzukuzuku, Mzikubola ndi Mabulabo, ndipo kulonjera koyenera ndi gawo la ntchito. Pa boma, dziwitsani a khonsolo ya M'mbelwa ndi akuluakulu a msika. Koma chilolezo cha mfumu sichilowa m'malo mwa chilolezo cha munthu amene nkhope yake ili pa kamera. Aliyense auzidwe filimuyo ikaonetsedwa kuti, kuphatikizapo pa intaneti, ndipo wokana asajambulidwe. Samalani kwambiri pamalo omwera: munthu amene wavomera ataledzera sanavomere. Samalaninso ndi nkhani za ku Joni, poti ena ali kumeneko opanda mapepala okwanira ndipo chithunzi chimodzi chikhoza kuwaika m'mavuto. Vimbuza, ngakhale UNESCO inaizindikira mu 2005 ndipo imakopa maso, ndi gule wa machiritso. Amene akuvinidwa ndi wodwala, sali pamacheza.

Pali zina ziwiri za malamulo. Filimu yokaonetsedwa poyera imayenera kudutsa ku bungwe lounika mafilimu. Ndipo nyimbo zomwe zikulira m'bala kapena paukwati zili ndi eni ake. Mukafuna kugulitsa filimuyo kapena kuitumiza ku mipikisano, funsani a COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, musanamalize kulumikiza.

Filimu yopanda ndewu, yopanda chikondi, yopanda wofotokoza: adzaionera ndani?

Oyamba akhale eni ake. Musanaganize za Zanzibar, Durban kapena Ouagadougou, kumene kuli zikondwerero za mafilimu zomwe zimalandira ntchito zotere, lipirani mwini vidiyo shoo pa Jenda kapena pa boma ola limodzi masana, muitane onse amene ali m'filimuyo ndi abale awo. Kwa amayi amene salowa m'vidiyo shoo, pemphani holo ya tchalitchi kapena kalasi ya sukulu. Anthu amene amati sangapirire chithunzi chosasuntha amapirira bwino chikakhala cha msika wawo, chifukwa m'ngodya iliyonse muli wina amene akumudziwa.

Tsiku limenelo musasiye maikolofoni kunyumba. Omvera athu saonera filimu mwakachetechete. Anazolowera mafilimu a ku China ndi ku India omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata amene amawonjezera zawo, ndipo nawonso amayankha, amatsutsa, amatchula maina. Wina adzati bawo lija analakwitsa poyambira, wina adzakumbutsa kuti mnyamata wa jekete yofiira uja ananyamuka mwezi watha, wina adzapempha kuti gawo lakuti lichotsedwe, ndipo lichotsedwedi. Ndi chilolezo chawo, mawu amenewo muwaike pamwamba pa zithunzi, monga anachitira Ganda ku Abidjan, koma pano olankhula ndi mudzi wonse. Mukamaliza, siyani kope kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi pamsika, ndipo lina litumizidwe pa WhatsApp kwa a ku Joni.